Ndinapita Kukaona Bwalo la Mpira ku Dublin, Ndinakapeza Chaka cha 1920

Mvula ya ku Dublin ili ngati chiperoni chosatha. Imangowaza pang'onopang'ono, munthu n'kumati sindinyowa, pofika madzulo jekete yonse ili chonyowa. M'nyengo yoteroyo ndi mmene ine ndi msuweni wanga, amene wakhala kumeneko zaka zingapo, tinatsika sitima pa Drumcondra n'kuyenda wapansi kupita ku Croke Park.

"Asuweni, musayembekezere mpira umene mumaudziwa uja," anandichenjeza tili m'njira. Ananenadi zoona. Bwaloli limalowa anthu 82,300, koma eni ake ndi bungwe la zamasewero la Gaelic Athletic Association (GAA), lomwe linakhazikitsidwa mu 1884 pofuna kuteteza masewero a makolo a ku Ireland: hurling, yosewera ndi ndodo, ndi mpira wachi Gaelic umene amaugwira ndi manja komanso kuumenya ndi phazi. Osewera ake salandira malipiro mpaka lero. Munthu amadzaza bwalo Lamlungu, Lolemba ali m'kalasi akuphunzitsa ana.

Wotitsogolera atatiimika pansi pa Hogan Stand, mbali ya bwaloli yokhalako oonerera imene anaitcha dzina la Michael Hogan, nkhani inasintha. Michael Hogan sanali mkulu wa bungwe kapena wandale. Anali wosewera wa timu ya Tipperary amene anawomberedwa n'kufera m'bwalo momwemo pa 21 Novembala 1920.

Chaka chimenecho dziko la Ireland linali pamoto, anthu akulimbana ndi ulamuliro wa Britain. Mu Malichi, meya wa Cork, Tomás Mac Curtain, anaphedwa m'nyumba mwake. Amene analowa m'malo mwake, Terence MacSwiney, anamwalira m'ndende ya Brixton mu Okutobala atakana chakudya masiku 74. Pa 1 Novembala anapachika Kevin Barry, mnyamata wa zaka 18 amene ankaphunzira udokotala. Ndiye m'mawa wa pa 21 uja, anyamata a Michael Collins, mmodzi wa atsogoleri a omenyera ufulu wa Ireland, analowa m'nyumba zosiyanasiyana mu Dublin n'kupha anthu oposa khumi, ambiri mwa iwo owaganizira kuti ndi akazitape a Britain. Masana ake, Dublin ndi Tipperary zili mkati mosewera, apolisi anafika kuchokera mbali ya ngalande ya Royal Canal n'kuyamba kuwombera khamu. Sizinathe mphindi ziwiri. Anthu 14 anataya miyoyo.

Chimene chinandigwira mtima si chiwerengerocho ayi, koma malo amene ena anali. William Robinson, wa zaka 11, anakwera mumtengo kuti aonere bwino. Jerome O'Leary, wa zaka 10, anakhala pamwamba pa mpanda. Aliyense amene anakulirako pafupi ndi bwalo la mpira amawadziwa ana amenewa, opanda ndalama yolowera koma osalola kuti mpira uwadutse. Panalinso Jane Boyle, amene anabwera ndi chibwenzi chake, ukwati wawo utatsala masiku asanu. Msuweni wanga, wolongolola uja, anangoti zii, manja m'thumba.

Chakacho sichinathere pomwepo. Mu Disembala pakati pa mzinda wa Cork panatenthedwa, ndipo Khirisimasi isanafike nyumba ya malamulo ku London inavomereza lamulo logawa chilumbacho pawiri. Mpikisano waukulu wa mpira wachi Gaelic, wa All-Ireland, wa 1920 nawonso unachedwa mpaka ndime yomaliza inachitika mu Juni 1922, ndipo Tipperary inagonjetsa Dublin pa bwalo lomwelo.

Kwa zaka zambirimbiri GAA sinkalola rugby kapena mpira wamiyendo pa Croke Park. Lamulolo analifewetsa mu 2005, ndipo mu Febuluwale 2007 timu ya rugby ya England inabwera kudzasewera pamenepo. Nyimbo ya fuko la Britain inaimbidwa popanda chisokonezo, kenako Ireland inawakuntha alendowo 43 kwa 13. Wotitsogolera uja potchula zigoli zimenezi anamwetulira koyamba tsiku lonselo.

M'nyumba yosungiramo mbiri ya GAA muli malo oyeserapo hurling. Ndinanyamula ndodo ija, ndinaponya kampira m'mwamba, ndinaphonya katatu konse. Kamtsikana kena kamene kanali pambuyo panga pamzere kanatopa nane, kanandionetsa kagwiridwe kake, n'kumenya kamodzi kokha mpira n'kupita. Tinatuluka chiperoni chija chikadawaza, tikufunafuna pogula tiyi wotentha mu Jones's Road.