Zimene ndaphunzira pa kamangidwe ka kompyuta yaing'ono ya magemu yozizira ndi madzi

Chachikulu chimene ndatola pa nkhani ya kompyuta yozizira ndi madzi n'chakuti madzi sathetsa kutentha, amangokusamutsa. Amakunyamula kuchoka pa CPU (ubongo wa kompyuta) kapena pa GPU (khadi lojambula zithunzi za gemu) n'kukakutula mu rediyeta, ndipo mafani ndi amene amakukankhira kunja, monga zimachitikira pa galimoto. Choncho m'bokosi la kompyuta la malita 10 mpaka 20, zonse zimayambira pa mafunso awiri. Kodi zida zanu zitulutsa ma watt angati? Nanga rediyeta imene ingakwane m'bokosilo itaya angati? Amene wagula zida asanayankhe mafunso amenewa amagula kawiri.

Omanga makompyuta ambiri amawerengera kuti gawo lililonse la rediyeta la mamilimita 120 limataya ma watt pafupifupi 100 mafani asanayambe kusokosa. Ndi muyeso wongoyerekeza, koma umathandiza. Rediyeta ya 240 (magawo awiri a 120), imene ndi yaikulu kwambiri yokwana m'mabokosi ambiri aang'ono, imakhala bwino pa ma watt 200 kapena kupitirirako pang'ono. Tsopano onani zida. CPU ya Ryzen 7 7800X3D inalembedwa ma watt 120, ngakhale kuti pa magemu siifika pamenepo kawirikawiri. Pa ma GPU, RTX 4070 imadya 200, RTX 4080 imadya 320, RTX 4090 imafika 450. Mukaika 7800X3D ndi RTX 4070 pa rediyeta imodzi ya 240 zitheka, koma madzi azitentha ndipo mafani azithamanga. RTX 4090 pa rediyeta yomweyo ndi kuzunza zida chabe. N'chifukwa chake kwa munthu amene akumanga koyamba ndimaona kuti njira yabwino ndi kuika AIO pa CPU yokha, GPU n'kuisiya ndi mafani ake. AIO ndi choziziritsira chobwera chomata kale, pampu, mapaipi, madzi ndi rediyeta zili pamodzi.

Pali chinthu china chimene manambala a pa intaneti sanena mokweza. Madzi sangazizire kuposa mpweya wa m'chipinda. Oyesa zida ambiri amayesera m'zipinda za madigiri 21 mpaka 25. Kwathu kuno mu Okutobala ndi Novembala chipinda chofolera malata chimapitirira madigiri 30 mosavuta, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje kunja kumadutsa 40. Digiri iliyonse imene chipinda chakwera, madzi nawo akwera, CPU nayo yakwera. Ngati madzi anu amakhala madigiri 12 pamwamba pa mpweya, chipinda cha 33 chikupatsani madzi a 45. Mapampu oyendetsa madzi a mtundu wa D5 ndi DDC amaloledwa madzi osapitirira madigiri 60, koma si bwino kuyandikira pamenepo. Ma CPU a Ryzen 7000 wamba amayamba kudzichepetsa liwiro pa madigiri 95, pamene 7800X3D imayamba pa 89. Siyani mpata wokwanira, poganizira mwezi wotentha kwambiri wa kumene mukukhala.

Ma watt akatha, bwerani pa mamilimita. Motherboard (bolodi lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo) ya mtundu waung'ono wa Mini-ITX ndi mamilimita 170 mbali zonse, muyeso umene kampani ya VIA inayambitsa mu 2001. Ili ndi malo amodzi a GPU ndi awiri a RAM (memore ya kompyuta), basi. Chopatsa magetsi cha mtundu waung'ono wa SFX ndi mamilimita 125 ndi 63.5 ndi 100, pamene SFX-L imatalika kufika 130. Mamilimita 30 owonjezerawo ndi malo enieni amene mawaya kapena mapaipi akanadutsa, choncho ngati SFX wamba ikukwanira ma watt anu, tengani yomweyo. Rediyeta yotchedwa 240 siitalika 240. Pamodzi ndi matanki a m'mapeto imafika cha m'ma 275 kapena 280. Kunenepa kwake kumakhala 27 mpaka 30, fani wamba n'kuwonjezera 25, zonse pamodzi 52 mpaka 55. Zikapanda kukwana pali mafani opyapyala a mamilimita 15, koma amakankha mpweya mofooka ndipo amasokosa msanga.

GPU iyenera kuyesedwa katatu: utali, kunenepa, ndi msinkhu kuchokera pa motherboard kufika pamene waya wa magetsi walowa. Ambiri amaiwala chachitatuchi. Waya wa magetsi wa 12VHPWR wa makhadi ambiri a RTX 40 a Nvidia safuna kupindidwa pafupi ndi pulagi. Malangizo ofala ndi kusiya mamilimita 35 asanapindike, ndi kuukankha mpaka utamveka kuti walowa. Pulagi yolowa theka imatentha mpaka kusungunuka, chifukwa magetsi ambiri amadutsa pa kamalo kochepa.

Mabokosi awiri amasonyeza bwino kusiyana kwa kamangidwe. Cooler Master NR200, ya malita pafupifupi 18, imalola GPU kulowa molunjika mu motherboard ndipo imalandira rediyeta mpaka ya 280 m'mbali. Lian Li A4-H2O ndi ya malita 11, rediyeta ya 240 imakhala pamwamba, motherboard mbali ina, GPU yosapitirira mamilimita 322 mbali inayo, zolumikizidwa ndi waya wophwatalala wotchedwa riser. Riser imabweretsa vuto lakelake. Ikakhala ya muyeso wakale wa kalumikizidwe, PCIe 3.0, pamene GPU ndi motherboard ndi za 4.0, sikirini imatha kungokhala yakuda, munthu n'kumaganiza kuti GPU yafa. Mankhwala ake ndi kulowa mu BIOS (menyu ya makonzedwe a motherboard) GPU ili molunjika pa motherboard, kusintha malo a GPU kukhala Gen 3 (PCIe 3.0), kenako n'kuika riser.

Ichi n'chifukwa china chomangira kompyuta kunja kwa bokosi poyamba. Ikani motherboard pa katoni yake, lowetsani CPU, RAM ndi M.2 (kachipangizo kosungira mafayilo), mangani chitsulo chakumbuyo cha choziziritsira, lumikizani magetsi, yatsani. Zikayaka bwino, ndi pamene muyambe kulowetsa m'bokosi. Waya wa magetsi a CPU wa mapini 8 ulowetseni motherboard isanamangidwe, chifukwa rediyeta ikakhala m'malo mwake chala sichifikanso pakona imeneyo. Chimodzimodzi timawaya ta batani loyatsira ndi ta mafani. Musanaike mutu wa choziziritsira pa CPU, matulani kapepala kapulasitiki kamene kamakhala pansi pake. Kakatsala, CPU imafika madigiri 90 m'masekondi ochepa. Thermal paste (phala lodutsitsa kutentha lopaka pa CPU) ikhale kadontho kofanana ndi nsawawa yaing'ono pakati, ndipo masikuluwu anayi muwamange mopingasa, pang'onopang'ono, kuti mutuwo ukhale mofanana mbali zonse.

Pa AIO, nkhani imene ndimaona kuti imafunika kuimvetsa bwino ndi ya mpweya. M'kati mwa AIO iliyonse muli kampweya pang'ono, ndipo kamachuluka m'kupita kwa zaka chifukwa madzi amauluka pang'onopang'ono kudzera m'mapaipi. Mpweya umakwera n'kukakhala pamalo okwera kwambiri. Ma AIO ambiri pampu yake ili mu mutu wa pa CPU, choncho mutuwo ukakhala pamwamba pa rediyeta yonse, thovu limakakhala mu pampu. Mumamva kuwirawira ndi kukhekhereza, kuzizira kumachepa, ndipo pampu imatha msanga popeza madzi omwewo ndi amene amaifewetsa. Rediyeta ya pamwamba pa bokosi ilibe vuto limeneli. Ikakhala choimirira m'mbali, nsonga yake ipitirire pampu, ndipo ngati mapaipi akufika, atulukire kumunsi. Kuika rediyeta pansi pa bokosi, pampu ili pamwamba, ndiko kolakwika kwambiri.

Amene akufuna kuziziritsa CPU ndi GPU zonse ndi madzi amayenera kulumikiza yekha chilichonse: block (mutu wodutsa madzi umene umakhala pa chida chotentha) ya CPU, block ya GPU, pampu, kathanki, rediyeta, mapaipi ndi zolumikizira. Pafupifupi zonsezi mazinga ake ndi a G1/4, kotero zida za makampani osiyana zimagwirizana. Chimene sichigwirizana mwachisawawa ndi paipi ndi cholumikizira chake. Paipi ya 10/13 ndi mamilimita 10 m'kati ndi 13 kunja, ya 10/16 ndi 10 m'kati ndi 16 kunja, ndipo cholumikizira chiyenera kufanana manambala onse awiri. Ya 10/13 ndi yofewa koma imafinyika pakona yothina, madzi n'kuima. Ya 10/16 siifinyika msanga koma ndi youma. M'bokosi laling'ono zolumikizira zokhota za madigiri 90 zozungulira zimapulumutsa kwambiri. Paipi yakuda ya labala ya EPDM ndiyo ndimaikonda, chifukwa siitulutsa zoyera zimene mapaipi ena oonekera m'kati amatulutsa n'kutseka timipata ta block. Mapaipi olimba a PETG amaoneka bwino, koma amayamba kufewa madzi akayandikira madigiri 60, ndipo bokosi laling'ono m'dziko lotentha si malo ake.

Pa pampu, D5 ndi yaikulu, yachete, ndipo imadziziziritsa ndi madzi amene ikupopa. DDC ndi yaing'ono, imakankha mwamphamvu m'njira zothina, koma imatentha kunsi ndipo imafuna chitsulo chotayira kutentha ndi kamphepo. M'malita 11, nthawi zambiri ndi DDC imene imakwana.

Anthu amataya nthawi kukangana kuti madzi ayambire pa CPU kapena pa GPU. Masamu amathetsa mkanganowu. Kuti galamu imodzi ya madzi ikwere digiri imodzi pamafunika ma joule 4.18. Madzi akamayenda malita awiri pa mphindi, ndiye kuti magalamu pafupifupi 33 pa sekondi, ndipo ma watt 400 amangowakweza madigiri osakwana atatu asanafike mu rediyeta. Choncho dutsitsani mapaipi njira yaifupi ndi yosafinyika. Lamulo ndi limodzi lokha: kathanki kakhale pamwamba pa pampu ndipo kazithira molunjika mu pampuyo, kuti isazungulire youma ngakhale kwa kanthawi.

Zitsulo zisasakanikirane. Mkuwa, brass ndi nickel zimakhalira limodzi bwino. Aluminiyamu ikakumana ndi mkuwa m'madzi amodzi imadyeka, nyenyeswa zake zimatseka block, ndipo pamapeto pake rediyeta imabooka. Ma AIO ambiri ali ndi mkuwa ndi aluminiyamu pamodzi, koma amadalira mankhwala amene anathiridwa ku fakitale, ndipo si chitsanzo choti mutengere. Madzi a pampopi ndi a pa mjigo ali ndi mchere umene umaundana m'timipata, choncho pamafunika madzi otcheza, othira mankhwala oletsa ndere ndi dzimbiri, kapena madzi osakaniza kale ogulitsidwa pa ntchito imeneyi. Mukatenga madzi a batire ya galimoto, werengani botolo mutsimikize kuti ndi madzi okhaokha, mulibe asidi. Rediyeta yatsopano muitsuke m'kati kangapo, chifukwa mumatsalira zinyalala za pamene ankawotcherera. Pa block ya GPU, gulani yopangidwira khadi lanu lenilenilo, osati dzina la RTX lokha, ndipo thermal pad (kachidutswa kofewa kodutsitsa kutentha) iliyonse ikhale ya kunenepa kumene malangizo anena. Pad yonenepa kwambiri imatukula block, GPU n'kusiya kukhudza mkuwa bwinobwino.

Zolumikizira zimangidwe ndi dzanja. Chimene chimatseka madzi ndi kalabala kozungulira, ndipo sipanala imangong'alula pulasitiki ya kathanki. Ikaninso kampopi kokhuthulira pamalo otsika kwambiri, chifukwa tsiku losintha madzi lidzafika. Musanathire madzi, njira yabwino yoyesera kudontha ndi kupopera mpweya wa pafupifupi 0.5 bar n'kudikira mphindi 15. Singano ya choyezera ikatsika, penapake pakutuluka. Pothira madzi, zulani magetsi onse a motherboard ndi a GPU, siyani pampu yokha, ndipo yatsani chopatsa magetsi polumikiza pini ya PS_ON, imene kale inkakhala ya waya wobiriwira, ndi pini ya ground (GND), imene kale inkakhala ya waya wakuda, pa pulagi ya mapini 24. Thirani, yatsani kwa masekondi angapo, zimitsani kathanki kasanaume, thiraninso. Pendeketsani bokosi mbali zonse kuti thovu lituluke. Yalani mapepala oyera pansi pa cholumikizira chilichonse ndipo siyani pampu izungulire usiku wonse.

Ikayaka, pampu ikhale pa liwiro lokhazikika, ndipo pa CPU_FAN (polumikizira fani ya CPU pa motherboard) pakhale cholumikizidwa, apo ayi motherboard zina zimakana kuyaka. Mafani azitsatira kutentha kwa madzi ngati muli ndi kachoyezera, chifukwa CPU imadumphadumpha pa sekondi iliyonse pamene madzi amasintha pang'onopang'ono. Kumbukiraninso kuti block siiuzira mphepo pa VRM (tizida topereka magetsi ku CPU), pa RAM ndi pa M.2 monga fani ya choziziritsira cha mpweya imachitira, ndiye payenera kukhala fani imodzi yoyendetsa mpweya pa motherboard.

Rediyeta ikachepa, chepetsani ma watt. Kutsitsa malire a magetsi a GPU kufika pa 80 peresenti mu pulogalamu ya MSI Afterburner kumachotsa kutentha kochuluka, pamene liwiro la gemu limangotsika pang'ono. Pa Ryzen pali Eco Mode ndi Curve Optimizer mu BIOS. Kwa ine iyi ndi mbali ya kamangidwe komwe, yofunika mofanana ndi kusankha fani.

Fumbi la chilimwe limatseka zipsepse za rediyeta msanga, choncho bokosi lisakhale pansi, ndipo mwezi ndi mwezi uzirani rediyetayo mutagwira mafani kuti asazungulire. Kumene magetsi amazimazima, UPS (batire yosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akazima) imateteza zida. Madzi othira nokha asinthidwe kamodzi pachaka. Tsiku lina CPU ikadzatentha mwadzidzidzi mafani akuzungulira bwinobwino, gwirani mutu wa pa CPU ndi rediyeta. Mutu ukakhala wotentha koma rediyeta ili yozizira, madzi sakuyenda. Zimitsani nthawi yomweyo, onani waya wa pampu ndi liwiro lake mu BIOS, kenako fufuzani paipi yofinyika.