Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chaka chimene ndinagogoda pamakomo a eni

Zikomo nonse amene munandipepesa pa nkhani ya maliro a mayi anga ija. Ena mwafunsa kuti ine wosamalira okalamba ndinapezeka bwanji m'ndale za ku Maryland, ku America. Zaka za ku Wheaton ndizidumpha, kunali ntchito ndi tulo basi. Tifike mu 2018.

Montgomery County, boma lina la ku Maryland, ili ndi anthu opitirira 1 miliyoni. Mtsogoleri wake ali ngati DC wa kwathu, kungoti uyu amachita kuvoteredwa, ndipo ndiye amakonza bajeti ya sukulu, apolisi ndi mabasi a Ride On amene ndinkakwera m'bandakucha. A Ike Leggett anali atalamulira kale katatu, ndiye mpando unatsala poyera. Mmodzi mwa ouyang'ana anali khansala Marc Elrich, amene kale ankaphunzitsa pulayimale ku Takoma Park.

Amene munalemba kuti ndinkafuna kutchuka, mvetserani. Khansala ameneyu ndiye analimbana kuti malipiro otsikitsitsa akwere pang'onopang'ono mpaka madola 15 pa ola. Bilu yoyamba a Leggett anaikana mu Januwale 2017, yachiwiri inadutsa mu Novembala. Kwa ife otembenuza agogo pabedi usiku, imeneyo inali nkhani ya lendi ndi fizi ya ana kumudzi. Wina wolimbirana naye mpandowo, a David Blair, anali mpondamatiki wothira mamiliyoni a m'thumba mwake. A Elrich ankatolera tindalama ta anthu wamba, boma la county n'kuwonjezerapo. Ndinalibe ndalama, koma miyendo ndinali nayo.

Alamu anga aja, a pasipoti ya America amene mukuwadziwa bwino, anandiseka mpaka misozi. "Mlamu, green card, chiphaso chongokhalira kuno, sivota. Mukudzipheranji ndi dzuwa?"

Loweruka lina a kampeni ya a Elrich anandipatsa mndandanda wa makomo a ku Bethesda. Nditaona nambala ina, mtima unagunda. Munali m'nyumba imene ndinasamaliramo agogo ena mpaka tsiku limene anatsikira kuli chete. Ndinkadziwa sitepe yolira ukaiponda, kabati ya matawulo, nyimbo imene ankafuna ndiwaimbire powasambitsa. Ndinagogoda ndikumwetulira. Anatsegula ndi mwana wawo wamkazi, yemwe uja analirira paphewa panga m'khitchini. Anatsegula pang'ono chabe, tcheni chili chikolekere. Anayang'ana malaya a kampeni, anayang'ana mapepala, nkhope yanga sanaiyang'ane. Anati ndibwereze, sakundimva. Ndinabwereza. Kenaka anafunsa ngati ineyo ndimavota. Ndinati ayi. Iye amvekere, ndiye za chisankho chathu zikukukhudzani pati? Chitseko phwa.

Ndinaima pakhonde paja manja akunjenjemera. Dzina langa linali pakamwa, ndikanangolitchula akanandikumbukira. Sindinalitchule, ndipo musandifunse chifukwa. Ndinkafuna andione yekha. Pokwerera basi ndinalira, kenaka ndinapukuta nkhope n'kumaliza mndandanda wanga, poti makomo otsalawo sanandilakwire.

Chisankho cha chipulula cha ma Democrat chinachitika pa 26 Juni. Usiku umenewo wopambana sanadziwike. Anawerenga mavoti a papositi, anawerenga otsala, a Blair anapempha kuti ena awerengedwenso, nkhani n'kulowa mu Julayi. Potsiriza a Elrich anapambana ndi mavoti 77, ndipo mu Novembala anapambananso chisankho chachikulu, n'kutenga mpando mu Disembala.

Alamu, ndikudziwa mumawerenga kuno ngakhale simulemba kanthu. Pa 26 Juni paja inu a pasipoti munali kootcha nyama, simunavote. Malipiro atakwera munali oyamba kudzandibwereka ndalama. Mu 2022 a Elrich ndi a Blair anakumananso, kusiyana kunali mavoti 32, ndipo imodzi inali yanga.

Za mayeso a unzika, ndi zimene alamu anayankhula tsiku lolumbira, tikambirana m'gawo 15.