Laputopu Imene Inkakomoka Ndikangoiyandikira

Komiti yokonzekera ukwati wa mlamu wanga inandisankha kukhala msungichuma pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti pa abale onse ndine ndekha amene ndinali ndi laputopu. Palibe amene anafunsa ngati ndimatha kuwerengera ndalama. Laputopuyo ndinaigula kwa munthu wina ku Ndirande itagwirapo kale ntchito, ya Windows 10, yokhala ndi RAM ya 4GB ndi batire yosachedwa kutha, koma inali itanditumikira mokhulupirika kwa nthawi yaitali. Ndinatsegula Excel n'kulembamo mayina a onse amene analonjeza ndalama, pamodzi ndi mtengo wa holo, mpunga, nkhuku, keke ndi zokuzira mawu.

Mavuto anayambira ku Chilomoni, kunyumba kwa amalume ake a mkwatibwi, pa msonkhano umene panali ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Apongozi anga nawonso analipo, atangofika kumene kuchokera ku Thyolo, ndipo anakhala pamkeka chapatali monga mwa mwambo, akuyang'ana mokhutira chibangili chimene ananditumizira kudzera mwa akazi anga atamva kuti dzanja langa lamanja limaphwanya. Wapampando anatsokomola nati, "Amsungichuma, tatiuzani ndalama zimene zalowa kufikira lero." Ndinaika manja pa kiyibodi mwaulemu wonse, sikirini n'kungoti bii. Ndinadina batani loyatsira, inadzuka, ndinalemba pasiwedi, ndipo nditangoti ndisunthe kamuvi kuti ndifike pa chiwerengero chonse, inachitanso mdima. Nditaikakamiza kudzuka mobwerezabwereza, inaonetsa sikirini ya buluu yokhala ndi kankhope kachisoni ndi mawu akuti DRIVER_POWER_STATE_FAILURE, kenaka inadziyambitsanso yokha. M'chipindamo munali zii, mpaka azakhali ena anafunsa mnzawo monong'ona, koma mokweza ndithu kuti ndimve, "Kodi makina amenewa amazima pokhapokha tikafunsa za ndalama?"

Amene sanakhalepo msungichuma sangamvetse kulemera kwa funso limeneli. Ndalama zinalipo zonse, zosaperewera ngakhale tambala, koma umboni wake unali m'mimba mwa chinthu chimene chinkakana kundiyankha pamaso pa apongozi.

Mu Blantyre muno munthu ukangotchula kuti kompyuta yako ikudwala, aliyense amasanduka dokotala. Mnzanga wa kuntchito anati ndi vairasi yochokera pa fulashi. M'bale wina wa kutchalitchi anati ndi kutentha, popeza inali nyengo ya dzuwa loswa mtengo, ndipo anandilangiza kuti ndiziikhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mpweya uzipita pansi pake. Langizo limeneli si lachibwana, chifukwa laputopu yoikidwa pa bulangete kapena pamiyendo imatsekeka mipata yotulukira mpweya, ndipo purosesa ikatentha kuyandikira madigiri 100 imachepetsa liwiro kapena kuzima kuti isapse. Kondakitala wa minibasi ya ku Bangwe, amene anamva ndikudandaula pafoni, anandiuza motsimikiza kuti Windows 10 inatha ntchito pa 14 Okutobala 2025, ndiye makompyuta onse otere akufa mmodzimmodzi. Tsikulo analilondola, koma chimene chinatha pa tsikulo ndi zigamba zaulere zachitetezo zimene Microsoft inkatumiza. Kompyutayo payokha imapitiriza kugwira ntchito. Za Windows 11 sindinaziganizire n'komwe, chifukwa imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 kamene laputopu yanga yakale inalibe.

Ndinagula bando ya intaneti n'kuyamba kuiyeza ndekha usiku. Ndinafufuza mavairasi, sanapezeke. Ndinalemba lamulo la sfc /scannow, limene limayang'ana ngati mafayilo a Windows aonongeka, ndipo linati zonse zili bwino. Ndinayesa Windows Memory Diagnostic kuti ione ngati RAM ili ndi vuto, nayonso sinapeze kanthu. Chodabwitsa chinali chakuti pa nthawi yonse ya mayeso amenewa, ine nditakhala chapatali nditapinda manja, laputopuyo inkagwira ntchito mosadodoma, koma ndikangoyandikira kuti ndilembe chilembo chimodzi, inkakomoka. Ndinailowetsa mu Safe Mode, m'mene Windows imadzuka ndi zofunikira zokhazokha, ndipo ngakhale m'menemo inandikana. Akazi anga analembapo kalata yonse ya ku gulu la amayi popanda chovuta. Mwana wathu wamng'ono anaonerapo makatuni masana onse. Madzulo ake akazi anga anandiyang'ana kwa nthawi nati, "Bambo, ine sindikunena kanthu ayi, koma makinawa ndi anthu ena onse akugwirizana."

Ndinapita nayo kwa wokonza wina pafupi ndi msika wa Blantyre, mnyamata wolankhula mwachangu amene anapeza matenda ndisanamalize kufotokoza. Anaimasula, anapemerera fumbi limene linadzaza pa fani, anapaka phala latsopano loziziritsa purosesa, anasunga mafayilo anga pa fulashi, ndipo anaifomata n'kuikamo Windows mwatsopano pamodzi ndi ma driver ake onse, timapulogalamu tothandiza Windows kumvana ndi zipangizo za m'kati mwa kompyuta. Pa tebulo pake inagwira ntchito masana onse, ngati wodwala amene amachira akangoponda pakhomo la chipatala. Ndinalipira mokondwa, kuchokera m'thumba langa, ndipo ndikutsindika zimenezi chifukwa cha azakhali aja. Kunena chilungamo, sikirini ya buluu sinabwerenso kuyambira tsiku limenelo. Koma nditafika kunyumba n'kuikapo manja, mdima uja unandilandira monga kale.

Apa nkhani inali itafalikira m'banja. Azakhali anati pali wina amene sakukondwa ndi ukwatiwu, ndipo anadzipereka kunyamula laputopuyo kupita nayo kuphiri kukaipempherera. Ena anati wofunika kupemphereredwa ndi mwini wake. Wapampando, munthu wofatsa, anangondiitanira pambali nati, "Achimwene, ngati pali pamene panavuta, tiuzeni ife akuluakulu tikonze mwakachetechete."

Amene anandipulumutsa ndi mtsikana wina wokonza makompyuta mu kashopu kopanikizika ku Limbe, kuseri kwa masitolo a nsalu. Iye sanagwire sikuludiraiva n'komwe. Anandifunsa nthawi imene imazima, ngati imazima ili pa chaja kapena pa batire, ndiponso ngati ikadzuka ntchito yanga imakhala itatayika kapena ili pomwe ndinasiyira. Nditayankha kuti kawirikawiri zonse zimakhala zilipo, anagwedeza mutu n'kutsegula Event Viewer, kaundula amene Windows imalembamo chilichonse chimene chaichitikira pamodzi ndi nthawi yake. Anandionetsa mizere yolembedwa Kernel-Power ndipo anafotokoza kuti nambala 41 imatanthauza kuti kompyuta inafa mwadzidzidzi osatsekedwa bwino, pamene nambala 42 imatanthauza kuti inangopita kukagona. Ma 41 panalibe, popeza sikirini ya buluu ija inali itasiya kubwera. Ma 42 ndiye anali mbwee, ndipo pansi pa uliwonse panalembedwa chifukwa chake: Button or Lid, kutanthauza batani kapena chivundikiro.

"Bambo, laputopu yanuyi sikukomoka ayi," iye anatero. "Ikugona, chifukwa ikukhulupirira kuti mwaitseka. Talembani dzina lanu ndione."

Ndinapinda mkono wa malaya, ndinaika manja pa kiyibodi, ndipo ndisanafike pa chilembo chachitatu sikirini inati bii. Kwa nthawi yoyamba ndinakondwera kuiona ikuzima, popeza tsopano panali mboni. Koma mtsikanayo sankayang'ana sikirini. Ankayang'ana dzanja langa lamanja.

"Chibangili chimenecho n'cha maginito?"

Anatenga kapini ka mapepala n'kukayendetsa m'mphepete mwa sikirini mpaka kanamatirira pamalo ena. M'menemo, anatero, muli kamaginito kakang'ono, ndipo m'munsi, m'mbali mwa kiyibodi pamene munthu amatsamiritsa dzanja, muli kachipangizo komva mphamvu ya maginito. Ukatseka laputopu, ziwirizi zimayandikana, ndipo Windows imauzidwa kuti igone. Kachipangizoka kamagwira ntchito potengera zimene wasayansi Edwin Hall anatulukira ku America mu 1879, ndipo sikadziwa kusiyanitsa pakati pa maginito a chivundikiro ndi mphatso ya apongozi. Anawonjezera kuti wotchi yokhala ndi chomangira cha maginito, chikwama cha foni, ngakhale kusanjika laputopu pamwamba pa inzake yotseka, zimachita chimodzimodzi. Sikirini ya buluu ija inkabwera chifukwa driver wina wakale ankalephera kuyankha msanga pamene makina akugonekedwa ndi kudzutsidwa motsatizana, ndipo mnyamata wa ku msika uja anachiza mbali imeneyo osadziwa chimene chinkaiyambitsa.

Kenaka anabwereka chibangilicho n'kuyamba kuchiyendetsa pamwamba pa laputopu, ikuzima, ikuyaka, ikuzima, mpaka telala wa pafupi ndi makasitomala ake anabwera kudzaonerera. Anandiuza kuti mu Control Panel, pa Power Options, ndingathe kusankha kuti kutseka chivundikiro kusamachititse kanthu, koma anandichenjeza kuti malaputopu ena amazimitsabe sikirini, ndiponso kuti ndikadzaiwala n'kuiika m'chikwama ili yoyaka, idzatentha kwambiri. Njira yapafupi, anatero, ndi kuvula chibangilicho. Mtsikanayo mwachionekere sanakhalepo mkamwini.

Pa msonkhano wotsatira ndinafotokoza zonse mwadongosolo, ndinaonetsa chozizwitsacho pamaso pa ankhoswe, ndipo nditaika chibangili pawindo ndinawerenga ndalama zonse mpaka kumapeto, azakhali akutsatira ndi cholembera. Zinakwana. Ndinkayembekeza kuti apongozi akhumudwa, ndipo ndinali nditasunga mumtima mfundo yakuti ofufuza zachipatala sanapeze umboni woti zibangili zotere zimachiza ululu, mfundo imene mkamwini wanzeru amaisunga mumtima momwemo. Koma iwo nkhope inawala. Anaitana akazi anga n'kuwanong'oneza, ndipo uthenga unandifika motere: ngati chibangilicho chikutha kugoneka makina a azungu, ndiye kuti nyamakazi singalimbe, choncho ndisadzachivulenso. Sabata isanathe anatumiza china cha dzanja lamanzere, ndipo amalume anaitanitsa chawo.

Komiti inakambirana nkhaniyi mozama ndipo inagwirizana kuti ndipitirize udindo wanga, pokhapokha ndisamayandikire laputopu. Misonkhano yonse yotsala, mwana wa wapampando wa Sitandade 7 ndiye ankakhala pa kiyibodi, ine nditaima pakhomo manja ali kumbuyo, ndikufuula mtengo wa nkhuku.