Loweruka la tiana ta m'magazi

Lero sindinapite kulikonse, mvula inayamba m'bandakucha ndipo magetsi anazima ndisanaphike ndi tiyi yemwe, ndiye tinangokhala pakhonde ndi mbaula. Mwana wa achemwali anga amene tikukhala naye ali Fomu 4, mayeso a MSCE akumudikira, ndiye nditamuona ali ndwii pa foni ndinakalipa kuti iwe, kope la bayoloje lili kuti? Iye osatekeseka, akuti anti bwerani muone, bayoloje yake ndi imeneyi.

Zinali zojambula za ku Japan zija amati manga, dzina lake Cells at Work, kwawoko amati Hataraku Saibou. Anajambula ndi mayi wina dzina lake Akane Shimizu, zinayamba kutuluka mu 2015 n'kutha mu 2021, ndipo mu 2018 anazipanga katuni ya pa TV. Poyamba ndinasokonezeka chifukwa amawerenga kuyambira kumanja kupita kumanzere, ine ndimangoona anthu akuyankha asanafunsidwe, mwanayo kundiseka mpaka misozi.

Nkhani yake thupi la munthu ndi mzinda waukulu, maselo onse aja oposa mathililiyoni 37 ndi anthu ogwira ntchito. Selo yofiira ya magazi ndi mtsikana wa jekete yofiira, ntchito yake kunyamula makatoni a okosijeni kuchokera kumapapo kukasiya komwe akufunika, koma ndi wosochera kwabasi, njira ya mumtima imamuzunguza mutu. Selo yoyera ndi mnyamata wovala zoyera, nkhope yosaseka, mpeni m'manja, akangoona bakiteriya basi nkhondo. Mutu woyamba weniweni akulimbana ndi kachilombo koyambitsa chibayo, ndipo mapeto ake kakutulutsidwa ngati roketi, eti kumeneko ndiye kuyetsemula. Ndinaseka ndekha. Ine bayoloje ndinaphunzira moloweza, aphunzitsi kulemba pabolodi ife kukopera, mawu oti neutrophil, lomwe ndi dzina la selo yoyera ija, ndinawalemba pamayeso osadziwa kuti chinthucho chimatani tsiku lonse.

Masana mvula itakata kamwana kanga kakang'ono kanatuluka kukathamanga, kanaterereka pamatope n'kusupuka bondo. Kulira kwake ngati kathyoka mwendo. Ndikukatsuka ndi madzi ndi sopo, mkulu wake uja anabwera ndi foni n'kukaonetsa ma platelet, tizinthu ta m'magazi toumitsa magazi pabala, amene m'bukumo ndi tiana ta ku nasale tovala tizipewa, tikukoka ukonde kutseka dzenje lomwe laboola msewu. Anakauza kuti ona, panopa tianati tili pabondo pakopa tikumanga, ukondewo dzina lake fibrin, maselo ofiira akukodwamo ndipo mawa pakhala nkhanambo, ukaitong'ola wagwetsa ntchito yawo. Kanasiya kulira, kakuyang'anitsitsa bala kufuna kutiona. Mpaka madzulo kamangofunsa ngati tamaliza.

Bambo akunyumba atabwera anati zimenezo n'zachibwana, mayeso safunsa za atsikana a majekete. Penapake akunena zoona, maselo alibe nkhope, sakondana, ndipo mwana wosasamala atha kukalemba za mipeni pa pepala la mayeso. Koma ndinamufunsa mtsikanayo pamaso pawo kuti selo yofiira imakhala moyo nthawi yaitali bwanji, anayankha osaganiza n'komwe kuti masiku pafupifupi 120, imapangidwa m'mafuta a m'mafupa ndipo ikakhwima ilibe nyukiliyasi. Kenako anayamba yekha kufotokoza za malungo, kuti tizilombo take timayamba tabisala m'chiwindi kenako timalowa m'maselo ofiira n'kuwaphulitsa, n'chifukwa chake mwana akadwala kwambiri amati magazi achepa, onyamula makatoni aja atha. Zimenezo sanawerenge m'manga ayi, wangolumikiza yekha ndi za m'kalasi. Bambowo anangoti hmm.

Ndiye ine kuwaputa, ndinawauza kuti ilipo ina ya akuluakulu, Cells at Work Code Black, yomwe thupi lake ndi la munthu wosuta, womwa mowa, wosagona mokwanira, maselo akugwira ntchito mpaka kukomoka m'misewu yodzadza mafuta. Anati imeneyo musandionetse, n'kunyamuka kukafuna machesi.

Magetsi abwera cha m'ma 8 usiku, mafoni onse ali pa chaja. Ndamuuza mtsikanayo kuti mawa tikachoka kutchalitchi atenge kope lake, mutu uliwonse umene wawerenga pa foni aupeze m'manotsi a kusukulu andionetse, apo ayi bandulo sindigulanso. Wavomera koma akuti nanenso ndimalize mutu wa chimfine, ndinausiya pakati nditapita kukapakula nsima.