Liwiro la ku Ueno

Popeza achimwene ayamba kale kufalitsa kuti ine ndinathamangitsidwa ndi mtsikana ku Tokyo, bola ndinene ndekha. Kuthamanga ndinathamangadi. Koma mlanduwu ndi wa msuweni wanga wa ku South Bend, mzinda wa m'chigawo cha Indiana ku America, yemwe anandiimbira foni ndisananyamuke kundilangiza kuti kunja sutuluka mu lesitilanti osasiya kangachepe. Akuti ku America lamulo la boma limalola kulipira woperekera zakudya madola 2.13 okha pa ola, chiyambire 1991, ndiye ukapanda kuwonjezera 20 peresenti ndiwe mfiti. Iye "kunja" ankanena Indiana. Ine ndinamva dziko lonse lapansi.

Nditatha mpunga ndi nsomba yanga pafupi ndi siteshoni ya Ueno, ndinalipira pakauntala, ndalama kuika pakambale kawo kolandirirapo ndalama, kenako n'kubwerera kukabisa 1,000 yen pansi pa kapu. Ndinatuluka chifuwa chili patsogolo, bwana wachifundo wochokera ku Ndirande.

Ndisanafike patali ndinamva kumbuyo, "Sumimasen! Sumimasen!", ndiko kuti "Pepani!" Kucheuka, mtsikana wa epuloni akubwera chothamanga, dzanja lili m'mwamba. Abale, musandiweruze. Amene anakulira pafupi ndi msika akudziwa kuti munthu akamakuthamangira akukuwa, zofunsa kuti kwagwanji umafunsira kupolisi, ngati wafikako wamoyo. Phazi thandize! Suti, tayi, mimba yonseyi, nsapato zatsopano zikulira kwee kwee.

Chinandigwira ndi maloboti. Anayaka ofiira, ndipo khamu lonse linaima nji, msewu ulibe ngakhale njinga. Ine, chigawenga chothawa, ndinaimanso, manja m'mbali, kudikira mwaulemu. Mtsikana uja anafika nayenso ali wefuwefu, n'kuwerama, n'kundipatsira 1,000 yen yanga ndi manja awiri ngati akupereka madzi kwa apongozi. Ndinakana ndi manja. Anawerama. Ndinawerama. Anaweramitsa. Ine ndinatsika mpaka tayi kukhudza bondo, msana n'kulira kuti phwa. Maloboti anayaka obiriwira, anthu anawoloka, anayakanso ofiira, ife tikadali pomwepo kujompha mphepo. Agogo ena a ambulera anatizungulira osayang'ana n'komwe.

Ku Japan ndalama yosiyidwa patebulo ndi ndalama yoiwalika basi, ntchito yabwino inawerengedwa kale mumtengo wa chakudya. Ndiye mwana wa eni ake anasiya makasitomala kuti athamangitse bambo wa ana anayi amene akuthawa ndalama yake yomwe. Komabe achimwene akamanena asaiwale kuti pa liwiro sanandipeze, anandipeza chifukwa ndimalemekeza malamulo a pamsewu.

Ndalamayo ndinakagulira madzi ndi pulasitala wa matuza mu sitolo ya Lawson. Chenji anandipatsa yonse, mpaka ka 1 yen.