Mwezi wachinayi: madontho a padzuwa ndi botolo langa la maginito

Lero ndakwanitsa miyezi inayi chiyambireni kujambula madontho a padzuwa, ndipo kope loyamba latsala masamba awiri okha. Njira ikadali yomweija: ndimalozetsa kathelesikopu kanga kudzuwa, chithunzi chake n'kugwera pa pepala loyera lomwe ndinamata pa katoni, ine n'kumatsatira ndi pensulo. Zosuzumiramo ayi, ngakhale kamodzi, chifukwa diso limapsa munthu asanaphethire.

Chandikondweretsa mwezi uno ndi gulu lina la madontho lomwe linazimirira m'mphepete mwa dzuwa, kenaka n'kutulukira mbali inayo patapita milungu iwiri. Linabwera litafooka, madontho akuluakulu atatsala awiri, koma ndinalizindikira. Zoti dzuwa limazungulira pa masiku pafupifupi 27 ndinkazidziwa kale, koma kuziona pa pepala lojambula ndekha mtima unachita kuti myaa. Powerengera madontho ndimatsata njira ya katswiri wa zakuthambo Rudolf Wolf: gulu lililonse ndi 10, n'kuwonjezera dontho lililonse palokha. Manambala anga amatsika poyerekeza ndi a SILSO, likulu lowerengera madontho a padzuwa ku Brussels, poti timadontho ting'onoting'ono kachipangizo kanga sikatigwira.

Botolo langa loonera kugwedezeka kwa maginito a dziko, komwe kuphulika kwa padzuwa kumabweretsa, ndiye landivutitsa. M'kati mwake ndinapachika kakhadi pa ulusi, pakakhadipo n'kumata kamaginito ndi kachidutswa ka galasi. Kuwala kwa laser kukamenya kagalasiko kumakagwera pakhoma, pomwe ndinamatapo rula. Mphamvu ya maginito ya dziko ikagwedezeka, kadontho kofiirako kamayenera kusuntha. Kamasunthadi, koma kamasunthanso ndikayandikira ndi makiyi m'thumba, kapena galimoto ikadutsa panja. Ndalitsitsa pansi pasimenti, kutali ndi firiji, ndipo tsopano kakhazikikako.

Usiku wina a Space Weather Prediction Center, nthambi yolosera za dzuwa ya bungwe la zanyengo la NOAA ku United States, atalosera kuti kukhoza kubwera namondwe wa maginito, ndinakhala tcheru pakhomapo mpaka tambala woyamba. Kadontho kanangoti zii. Ndinakhumudwa, koma m'pamene ndinamvetsa chinthu chomwe ndinkangochidumpha powerenga. Dzuwa likaphulika, kuwala kwake kumafika kuno pa mphindi 8, pomwe chimtambo cha mpweya wamagetsi chomwe amachitcha CME chimayenda tsiku limodzi mpaka atatu. Kungofika kokha si nkhani. Nkhani ndi komwe maginito a chimtambocho aloza, chomwe akatswiri amachilemba kuti Bz. Akaloza kumwera amalumikizana ndi maginito a dziko, mphamvu n'kulowa. Akaloza kumpoto, zambiri zimangolambalala. Ndiye Bz imadziwika bwino chimtambocho chikamadutsa masetilaiti monga ACE, omwe ali pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kulowera kudzuwa. Apo n'kuti kwatsala ola limodzi kapena kucheperapo. Kuyambira tsiku limenelo olosera ndimawapatsa ulemu. Ntchito yawo ndi yolemera.

Ndipo ola limenelo si lamasewera. Pa 13 Malichi 1989 namondwe wotere anazimitsa magetsi ku Quebec m'dziko la Canada kwa maola 9, anthu pafupifupi 6 miliyoni ali mumdima. Mu Febuluwale 2022 SpaceX inataya masetilaiti a Starlink 38 mwa 49 omwe inali itangowatumiza, chifukwa namondwe wocheperako anatenthetsa mpweya wa kumwamba, unafufuma, n'kuwakokera pansi. Nanga wa pa 10 Meyi 2024 uja, yemwe anafika pa G5, mlingo wapamwamba kwambiri? Alimi ena ku United States anaimitsa mathirakitala nthawi yodzala ili mkati chifukwa GPS inasokonekera. Ndikaganiza kuti zonsezi zimachokera m'malo a madontho onga amene ndimawajambula ndi pensulo, dzanja limachita kunjenjemera.

M'kope lachiwiri ndawonjezera mizere iwiri, wa Kp (nambala yoonetsa kukula kwa kugwedezeka kwa maginito a dziko) ndi wa Bz, kuti ndiziyerekeza ndi kadontho ka pakhoma usiku uliwonse. Chotsala ndi ulusi. Womwe ulipowu umapotana kukatentha, choncho mawa ndiyesa kaulusi kamodzi kosapota, ndione ngati kadonthoko kangasiye kutsetsereka masana.