Momwe ndinakonzera ulendo wozungulira Blantyre ndi kampani yoyendetsa alendo

Ana a mchimwene wanga anabadwira ku Johannesburg, ndipo Blantyre ankangomumva m'nkhani za bambo awo. Atabwera kutchuthi ndinaganiza zopeza kampani yoyendetsa alendo kuti itizungulitse mumzinda, pakhale munthu woyankha mafunso awo, ine ndingotsatira ngati azakhali.

Chimene chinandikopa poyamba ndi mphoto. Kampani ina yaing'ono ya konkuno inaika pa Facebook chizindikiro cha Tripadvisor (tsamba la pa intaneti limene alendo amalembapo ndemanga), chija cha kadzidzi, ndi mawu akuti Travellers' Choice. Kwathu kuno kadzidzi si mbalame yoitanira nayo malonda, koma kwa anzathu a zokopa alendo ndi chinthu chonyadira. Musanatengeke, dziwani kuti palibe oweruza amene amabwera kudzakwera galimoto ya kampaniyo. Tripadvisor imaona ndemanga ndi nyenyezi zimene alendo apereka m'miyezi 12, ndipo amene ali m'gulu la 10 apamwamba pa 100 alionse ndiwo amalandira chizindikirocho. Chimaperekedwa chaka ndi chaka, choncho onani chaka chimene chalembedwapo.

Ndinasiya chithunzi cha pa Facebook n'kukalowa pa Tripadvisor penipeni. Mphoto inali yoona, yaposachedwa. Koma nditawerenga ndemanga ndinapeza kuti ambiri oyamikira ndi alendo akunja amene anatengedwa kupita kuphiri la Mulanje kapena kukaona nyama ku Majete. Onena za m'tauni anali ochepa. Mphotoyo inanditsimikizira kuti anthuwa amasunga nthawi ndipo sathawa ndi ndalama za munthu. Zoti Blantyre amamudziwa, zinafunika ndifufuze ndekha.

Zonse tinakambirana pa WhatsApp, ndipo ndi bwino choncho chifukwa zolembedwa sizikanidwa. Ndinapempha chithunzi cha chiphaso chawo cha boma ndi cha inshuwalansi ya galimoto. Kenako mtengo. Poyamba anandiuza m'madola. Nditati ndine wa ku Chilomoni, unabwera wina wa makwacha. Ndinanena poyera kuti anawo ali ndi mapasipoti a ku South Africa, kuopa kukakangana pakhomo la malo amene alendo akunja amalipira mosiyana. Funsaninso ngati mafuta, zolipira pakhomo ndi nkhomaliro zili momwemo. Kwa ife nkhomaliro inali yathu. Ndalama yoyamba ndinatumiza pa Airtel Money nditaona kuti dzina lotuluka pa nambalayo ndi lomwe lili pa chiphaso, ndipo uthenga wake ndinausunga.

Ndondomeko imene anatumiza inali yokonzera mzungu: malo ogulitsa ziboliboli kawiri, msika, kenako khofi. Ndinawapempha achotse ziboliboli, atipatse nthawi yokwanira ku Mishoni ndi ku Mandala. Sanavute. Tinasankha tsiku la pakati pa sabata, popeza Lamlungu tchalitchi chimakhala cha opemphera, ndipo tinagwirizana zonyamuka anthu opita kuntchito atatha. Amene anaimapo pamzere wa magalimoto mu Chipembere Highway m'mawa akudziwa chifukwa chake.

Wotiperekeza anali mnyamata waulemu, ndipo titangotsika pa Blantyre Mission anayamba kulakatula Chingerezi choloweza pamtima: 1876, amishonale a Church of Scotland, dzina lochokera ku tauni ya ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Zoona zonse, koma anawo anali atayamba kale kuyang'ana m'mafoni. Ndinamukokera pambali.

“Achimwene, anawa ndi akonkuno, Chichewa amamva mukamalankhula mofatsa. Tauzeniko za anthu amene azunguwo anawapeza pano.”

“Pepani mayi, ambiri safunsa zimenezo,” anatero akuseka.

Kuyambira pamenepo ulendo unasanduka wina. Anatiuza kuti Henry Henderson, amene dzina lake lili pa sukulu ya HHI, sanapeze malowa yekha. Anayenda ndi Tom Bokwito, munthu wakuda amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana, ndipo ndiye ankamumasulira mawu pamene ankafika m'dera la mfumu Kapeni. Kenako anatiyimika patsogolo pa St Michael and All Angels n'kutiuza tiyang'ane njerwa, tisathamangire m'kati. Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za zomangamanga. Oumba njerwa, ootcha ndi omanga anali anthu akuno, nawonso osapita kusukulu ya ntchitoyo. Mukayandikira mumaona kuti njerwazo si za chikombole chimodzi: zina zokhota, zina zosongoka, iliyonse youmbidwira malo ake. Mwana wamkazi wa mchimwene wangayo, amene akuphunzira zojambula mapulani a nyumba, anazungulira khoma lonse akuzigwiragwira, ndipo anafunsa funso limene linatisowetsa chonena: mayina a omangawo analembedwa pati?

Musanalowe kapena kujambula m'kati, pemphani kwa oyang'anira pamalopo. Wotiperekeza ndiye anakapempha, ndipo apa ndinaona phindu loyenda ndi munthu wodziwika nkhope. Valaninso modzilemekeza, ndi nyumba ya mapemphero mpaka lero.

Ku Mandala ndi pafupi. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene ankayendetsa abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo imatchedwa nyumba yakale kwambiri mwa za chizungu zimene zidakalipo m'dziko muno. Pansi pali malo oonetsera zojambulajambula ndi omwera khofi, ndipo alendo ambiri amathera pomwepo. Inu kwerani pamwamba, kumene kuli laibulale ya Society of Malawi. Muli mabuku ndi zithunzi zakale za Nyasaland, ndipo nthawi imatha osazindikira. Uzani kampani iyimbiretu foni kufunsa ngati kudzakhale kotsegula tsiku lanulo, chifukwa satsegula tsiku lonse ngati sitolo. Mnyamata wathuyo sanabise kuti amalonda ndi amishonale ankayendera limodzi, ndi kuti katundu wa kampaniyi ankabwera pamitu ya amtengatenga kuchokera ku mtsinje wa Shire. Imani pakhonde lalitalilo muganizire mtunda umenewo.

Mu Victoria Avenue tinayenda pansi, galimoto n'kukatidikira kutsogolo. Tinaona holo yakale ya tauni ya mu 1903, tinajambula, basi. Kunena zoona, m'katikati mwa tauni zakale zambiri zinaphimbika ndi mabanki ndi zikwangwani, ndipo sindikanalipira munthu kuti andionetse zokhazo.

Titadya tinapita ku Chichiri, kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Kumeneko kuli ogwira ntchito akeake ofotokozera alendo, ndiye wathu anangokhala chete n'kuwasiyira, chimene ndinachiona chanzeru. Mnyamata wa mchimwene wangayo zam'kati sanazilabadire kwenikweni. Mtima wake unali panja, pa injini yakale ya sitima yoyendera nthunzi.

Limbe tinangomudutsa pagalimoto dzuwa litapendeka, tikumva kuti anakula chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Mukafuna kumuona bwino, mupatseni tsiku lake. Ndirande, Soche ndi Michiru tinangolozeredwa ndi chala.

Ndalama yotsala ndinapereka titafika pakhomo, monga tinapanganirana, ndipo wotiperekezayo ndinamupatsa yake ya fanta m'manja, padera. Asananyamuke anapempha mwamanyazi kuti tikalembe ndemanga pa Tripadvisor, popeza mphoto ya chaka chamawa idzachokera m'ndemanga za chaka chino. Ndinalemba usiku womwewo. Ndinatchula kuti unali ulendo wa m'tauni, kuti mtengo wa makwacha ulipo ukafunsa, ndi kuti aliyense wopita naye ku Mishoni amufunse za Tom Bokwito.